Mwana wapeza malo ku yunivesite ya kunja, ndigulitse ng'ombe?

Funso ili lachokera kwa bambo wina wa ku Chadiza, ndalifupikitsa pang'ono: "Mwana wamkazi wa mlongo wanga anakhoza Grade 12 ndi mapointi 8, ndine ndakhala ndikumulipirira sukulu kuyambira pamene bambo ake anamwalira. Akufuna udokotala. Pa WhatsApp wapezana ndi ajenti amene wamutumizira offer letter ya yunivesite ina ya kunja, akuti amupatsa sikolashipu ya 50% koma tilipire K18,000 sabata ino kuti malo asapite. Ndili ndi ng'ombe 6, ndikuganiza zogulitsa ziwiri. Kodi njira yeniyeni yopitira ku sukulu kunja ndi iti?"

Amalume, ng'ombezo zisiyeni kaye m'khola. Sindikunena kuti mwanayo asapite kunja ayi, mapointi 8 si masewera, mwanayo ali ndi mutu ndipo inu mwagwira ntchito yaikulu kumufikitsa pamenepa. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza ana a Grade 12 kulemba mafomu a mayunivesite, chimene chimagwetsa mabanja ambiri kuno kwathu ndi chimodzi chomwechi, akaona kalata yoti mwana walandiridwa amaganiza kuti zatheka basi, pomwe kalatayo ndiye yosavuta pa zonse. Mayunivesite ambiri a kunja makamaka apulaiveti amafunitsitsa ana ochokera kumaiko ena chifukwa ndi amene amalipira ndalama zambiri, ndiye kupatsa malo mwana wa mapointi 8 sikuwavuta olo pang'ono. Nkhani yagona poti adzalipira ndani zaka zonsezo kuyambira choyamba mpaka chomaliza, komanso pepala limene adzabwere nalo lidzagwira ntchito kuno ku Zambia kapena ayi.

Tiyambe ndi 50% imeneyo. Theka la ndalama zingati? Muuzeni ajentiyo akulembereni, osati pa voice note, alembe ndithu kuti akachotsa thekalo fizi ya chaka chimodzi imatsala madola angati, ndipo thekalo ndi la zaka zonse kapena chaka choyamba chokha, nanga mwana akatsika magiredi semesita imodzi amamulanda kapena ayi, nanga viza ikakanidwa ndalama zanu zibwerera? Kenako pali hositelo, chakudya, inshuwalansi ya chipatala, chilolezo chokhalira m'dzikomo chimene kwambiri amachikonzanso chaka ndi chaka, tikiti ya ndege, zovala za kozizira, mabuku, laputopu. Udokotala kumaiko ambiri ndi zaka 6, kwina amawonjezerapo chaka chophunzira chilankhulo. Tengani pepala ndi bolopeni muphatikize zonsezo, muchulukitse ndi zaka 6, muchulukitsenso ndi mtengo wa dola wa lero, ndipo musaiwale kuti kwacha siikhala malo amodzi, inu chimanga ndi soya mumagulitsa mu kwacha koma fizi idzafuna madola. Nambala imene ituluke pamenepo ndiyo mtengo wake. K18,000 ija ndi yolowera pakhomo chabe. Ndaonapo ana abwinobwino akubwerera chaka chachitatu opanda pepala lililonse m'manja, yunivesite yakana kutulutsa transcript, pepala la magiredi ake, chifukwa cha ngongole, kumudzi ziweto zatha, a kaloba ali pakhomo, ndiye mwana amangokhala m'nyumba ndi manyazi ngati ndi iye analakwa pomwe analakwa ndi ife akuluakulu amene sitinawerengere poyamba. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, n'chifukwa chake ndayambira apa.

Kufulumizitsa kumeneko nakonso kukuchenjezeni. Mayunivesite enieni masiku awo otsekera amawalemba pa webusayiti miyezi yambiri pasadakhale, ndipo dipoziti ikafunika imapita ku akaunti ya yunivesite kudzera ku banki, dzina la yunivesite likuoneka pa risiti, osati pa Airtel Money kapena MTN ku nambala ya munthu. Wokuuzani kuti sabata ino yokha basi ali ngati mavenda aja amafika ndi sikelo yawo soya asanaume bwino, amadziwa kuti mukadikira pang'ono mudziwa mtengo weniweni. Chochita n'chosavuta ndipo chimangodya bando ya tsiku limodzi. Mwanayo asadine linki ya ajenti, alembe yekha dzina la yunivesiteyo pa Google, apeze webusayiti yake yeniyeni, atenge imelo ya ofesi yoona ophunzira akunja, awatumizire kalata ija ndi kufunsa kuti kodi iyi yachokeradi kwa inu, fizi yonse ndi zingati, ndipo munthu uyu mumamudziwa? Yankho libwere kuchokera ku imelo yothera ndi dzina la yunivesite osati gmail. Kenako funsani a ZAQA, Zambia Qualifications Authority, amene amawunika mapepala a maphunziro ochokera kunja, ngati sukuluyo imavomerezeka. Safunsa anadya phula amalume.

Si maajenti onse akuba, ena amagwiradi ntchito ndi masukulu enieni. Koma dziwani kuti ambiri amalandira komishoni ku yunivesite pa mwana aliyense amene wabweretsa, ndiye sukulu imene akuikankha ndi imene imamulipira iyeyo, osati imene ikuyenera mwana wanu. Ndipo olo mutagwiritsa ntchito ajenti, imelo ndi pasiwedi ya akaunti yofunsira malo zikhale za mwana mwini, pasipoti ndi setifiketi ya orijino asapereke kwa munthu. Poti ndi mtsikana ndiwonjezere ichi, pali zotsatsa pa Facebook ndi TikTok zoti "ntchito ndi maphunziro, tikiti yaulere", atsikana ena a mu Africa anapita choncho n'kukapezeka akugwira ntchito m'fakitale, sukulu yeniyeni kulibe. Zoterozo azithawe.

Manje tibwere ku njira zenizeni, koma poyamba pali chinthu chimene ana ambiri sauzidwa kusukulu. Setifiketi yathu ya Grade 12 ya ECZ, olo ikhale ndi ma 1 okhaokha, maiko ngati UK, Germany ndi South Africa amaiona ngati O level. Iwo polowa digiri amafuna sitepe ina pamwamba pake, A level kapena IB, kapena chaka cha foundation chokonzekera digiri, kapenanso chaka choyamba cha yunivesite ya kuno. Ku UK ndiye amakuuza kuti uyambe ndi foundation, chaka chathunthu cholipira. Ku Germany kuli Studienkolleg, sukulu yokonzekera yunivesite, ndipo makalasi ake ambiri ndi a m'Chijeremani. Ku South Africa amafuna chimene amati matriculation exemption, imene imachokera ku Matriculation Board ya Universities South Africa, ndipo Grade 12 yathu payokha kawirikawiri siikwana. Anthu ambiri amataya ndalama za application fee kumalo kumene pepala lawo silikanalowa n'komwe. America ndiyo yosiyana, makoleji ake amalandira mwana wochokera ku Grade 12 mwachindunji, chimodzimodzinso masukulu ambiri a ku China, Russia, India ndi Turkey.

Kwa banja ngati lanu, lolima, khomo loyamba kugogoda ndi HELSB, Higher Education Loans and Scholarships Board, imene inalowa m'malo mwa Bursaries Committee yakale ija. Kupatula ngongole za ophunzira a m'mayunivesite a boma kuno, ndi iwo amalengeza masikolashipu amene maboma ena amapatsa Zambia, ngati a ku Russia, China, Algeria ndi Morocco, ndipo udokotala ndi uinjiniya zimapezekamo. Amalengeza m'nyuzi ndi pa tsamba lawo la Facebook, ndipo vuto lathu kuno kummawa ndi loti nthawi imene amapereka imakhala yochepa, chilengezo chikafika ku Chadiza kapena ku Vubwi kudzera mwa munthu masiku amakhala atatha, ana a ku Lusaka apereka kale. Ndiye mwanayo azitsegula tsambalo yekha sabata iliyonse, mapepala onse ali okonzeka mu envelopu. Chilengezo chilichonse muchiwerenge mpaka pansi, chimanena malire a zaka zakubadwa, chaka chimene mwana anamalizira Grade 12, masabujekiti amene akufuna, ndi zimene makolo muyenera kulipira nokha, nthawi zina tikiti ya ndege ndi inshuwalansi zimakhala zanu. Ku Russia chaka choyamba ndi chophunzira Chirasha, ku Morocco maphunziro a sayansi ambiri ndi a m'Chifalansa. Mwana adziwiretu zimenezi, chifukwa kuphunzira za thupi la munthu m'chilankhulo chimene wachidziwa chaka chatha si ntchito yamasewera, komabe alipo madokotala ambiri m'zipatala zathu amene anadutsa njira yomweyi.

Palinso ena ofunsira mwachindunji popanda kulipira kalikonse. Türkiye Bursları ya boma la Turkey imatsegula pa 10 Januwale n'kutseka pa 20 Febuluwale, imalipira fizi, malo ogona, inshuwalansi, tikiti ndi kandalama ka pamwezi, wa digiri yoyamba akhale wosakwana zaka 21, ndipo pa udokotala amafuna magiredi a 90%. MEXT ya ku Japan imadutsa ku embase yawo ku Lusaka, pamakhala mayeso olemba a masamu, Chingerezi ndi sayansi, ovuta ndithu koma aulere. India ili ndi sikolashipu ya ICCR. Onsewa mpikisano wake ndi waukulu, n'chifukwa chake sitiponya fomu imodzi n'kukhala pansi kudikira.

Imene ndimaikonda kwambiri kwa ana a kumudzi ndi Mastercard Foundation Scholars Program, chifukwa inapangidwira ana okhoza amene kwawo kulibe ndalama, ndipo imayang'ananso zimene mwana wachita pakati pa anthu akwawo. Sufunsira ku Mastercard ayi, umafunsira ku yunivesite iliyonse imene ili mu pulogalamuyi payokhapayokha, ndipo iliyonse ili ndi tsiku lake lotsekera ndi maphunziro ake, ena amatenga a digiri yoyamba ena a digiri yachiwiri ya masters okha. Muli masukulu ngati Ashesi ndi KNUST ku Ghana, Makerere ku Uganda, University of Cape Town, University of Pretoria, Edinburgh, ndi EARTH University ku Costa Rica imene imaphunzitsa zaulimi zaka 4 m'Chisipanishi. Ya EARTH ndimaitchula dala, mwana wa kuno amene wakula akupalira nshawa, akudziwa za dimba ndi dibi la ng'ombe, ali ndi nkhani yoti anene kumeneko kuposa mwana wa mu tauni. Kwa amene akadali aang'ono pali masukulu a UWC, United World Colleges, imene ili ndi komiti yake yosankha ana kuno ku Zambia ndipo sukulu yake yapafupi ndi Waterford Kamhlaba ku Eswatini, komanso African Leadership Academy ku Johannesburg, zonse ndi zaka ziwiri zimene zimatseka mpata uja wa pakati pa Grade 12 ndi digiri.

Za America ndinene mosamala. Makoleji apamwamba kumeneko mtengo wonse pachaka umapitirira madola 80,000, koma ndi omwewonso amene ali ndi ndalama zothandizira, ndipo ochepa ngati Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst amasankha mwana osayang'ana ngati angalipire, akamutenga amakwaniritsa zimene banja silingathe. Amafunsira pa fomu ya pa intaneti ya Common App imene imalola makoleji 20, ya MIT ili ndi fomu yakeyake, masiku otsekera ndi kumayambiriro kwa Novembala kwa ofulumira ndi kumayambiriro kwa Januwale kwa ena onse, pamakhala mafomu ofotokoza chuma cha banja, ndipo ena abwereranso kufuna mayeso a SAT. Alangizi a EducationUSA ku Lusaka amathandiza ulere. Koma mu Disembala 2025 boma la America linaika Zambia pamodzi ndi Malawi m'gulu la maiko amene nzika zake zaikiridwa malire pa maviza, kuphatikizapo a ophunzira, ndiye musanaononge ndalama pa SAT kapena china chilichonse onani kaye pa tsamba la embase yawo kuti zinthu zili pati panopa. Komanso kwa mwana wanuyu pali china, ku America ndi Canada udokotala sulowa kuchokera ku sekondale, umayamba wamaliza digiri ina ya zaka 4, ndipo malo a akunja m'masukulu a udokotala ndi ochepa zedi.

UK, Canada ndi Germany ndidutsapo mwachangu chifukwa pa digiri yoyamba ndi njira za anthu amene ndalama zilipo kale. Ku UK amafunsira pa webusayiti ya UCAS, masankho 5, udokotala ndi Oxford ndi Cambridge amatseka pa 15 Okutobala, ena mu Januwale, fizi ya akunja imayambira pa mapaundi opitirira 11,000 kufika kupitirira 30,000 pachaka ndipo ya udokotala imaposa pamenepo. Canada kuyambira 2024 inachepetsa chiwerengero cha ophunzira akunja ndipo imafuna uonetse madola awo opitirira 20,000 odyera chaka chimodzi, fizi ili padera. Ku Germany mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, zoona, koma viza imafuna uike mayuro pafupifupi 12,000 mu akaunti yotseka ya chaka chimodzi. South Africa ndiyo yabwinoko pa mtengo chifukwa cha mgwirizano wa SADC, ana athu amalipira fizi yofanana ndi eni dziko kuwonjezerapo kandalama ka akunja, ngakhale pa udokotala malo a akunja ndi ochepa kwambiri. Ndipo musaiwale kuti Malawi nakonso ndi kunja, kudutsa pa Mwami kufika ku Lilongwe n'pafupi kuposa ku Lusaka, kuli mayunivesite a LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo, ndi Kamuzu University of Health Sciences, chilankhulo chomwechi nsima yomweyi.

Pa udokotala weniweniwo ndikhalepo pang'ono chifukwa apa ndi pamene maajenti amadyerapo kwambiri. Digiri ya udokotala payokha siimulola munthu kugwira wodwala kuno. Amene amapereka laisensi ndi HPCZ, Health Professions Council of Zambia, ndipo wophunzira kunja akabwera amayenera kudutsa kwa iwo, kuwunika mapepala, mayeso, kenako internship, kugwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa. Ndiye musanalipire ngwee imodzi fufuzani dzina la sukuluyo pa World Directory of Medical Schools, ndi yaulere pa intaneti, ndipo mulembere a HPCZ kufunsa ngati omaliza pa sukuluyo amawalembetsa. Mufunsenso kuti zaka za kuchipatala amakaphunzirira kuti, amagwira odwala enieni kapena amangoonerera, chifukwa kwina kalasi imakhala m'Chingerezi koma odwala amalankhula chilankhulo chawo, mwana amamaliza zaka zonsezo asanafunsepo wodwala kuti mukumva bwanji. Pezani mwana wa ku Zambia amene ali pa sukuluyo chaka chachinayi kapena chachisanu, osati amene ajenti wakupatsani nambala yake, mufufuze nokha kudzera m'magulu a ophunzira, mumufunse za hositelo, za tsankho, za mtengo wa chakudya. Ndipo kumbukirani 2022, nkhondo itayamba ku Ukraine ana athu anathawa ndi kachikwama kamodzi, boma linachita kuwabweretsa, ena maphunziro anasokonekera. Dziko limene mukutumizako mwana liyang'aneni bwino.

Mukandifunsa ine kuti mwana ameneyu achite chiyani, ndinena kuti ayende njira ziwiri nthawi imodzi. Afunsire malo kuno kwathu, UNZA, Copperbelt University imene sukulu yake ya udokotala ili ku Ndola, Levy Mwanawasa Medical University, Mulungushi, ndipo afunsire ngongole ya HELSB, uku akuponya mafomu a masikolashipu olipira zonse amene ndatchula aja. Ku UNZA amayamba ndi Natural Sciences kenako n'kupikisana kuti alowe udokotala, chaka chimenecho n'cholimba koma sichitayika, chifukwa ndi chomwecho chimene masukulu ena akunja amachiwerengera pamwamba pa Grade 12. Chimene sindifuna ndi choti akhale pakhomo zaka ziwiri zitatu kudikira ndege, chifukwa HELSB imayang'ana chaka chomalizira sukulu, malire a zaka nawonso akuyandikira, ndipo mukudziwa nokha zimene anthu amayamba kulankhula mtsikana akakhalitsa pamudzi, za ukwati zimayamba. Komanso khomo lopitira kunja limatseguka kwambiri pa masters kuposa pa digiri yoyamba. Pali masikolashipu ngati Chevening ya ku UK imene imafuna digiri ndi zaka 2 za ntchito, Commonwealth, Beit Trust imene ndi ya anthu a ku Zambia, Zimbabwe ndi Malawi okha, Rhodes ya ku Oxford imene ili ndi malo a Zambia, DAAD ya ku Germany. Wophunzira kuno n'kukhoza bwino sanatseke njira ya kunja ayi.

Tsopano mapepala, apa ndi pamene ana athu amagwa mopanda chifukwa. Khalani pansi usiku uno ndi NRC yake, statement of results kapena setifiketi ya ECZ, ndi setifiketi yakubadwa ngati ilipo, muyang'ane chilembo ndi chilembo. Kuno kwathu L ndi R timazisinthasintha, pena alemba Malita pena Marita, pena dzina lapakati lilipo pena palibe, pa kadi ya sikelo tsiku lobadwa ndi lina pa NRC ndi lina. Kwa ife ndi munthu mmodzi yemweyo koma kwa wa ku embase ndi anthu awiri. Zikasiyana yambani kukonza lero, afidaviti kwa Commissioner for Oaths, kufunsa ku ECZ ndi ku ofesi ya maregi, zisanalowe mu pasipoti. Pasipoti nayo musadikire kuti malo apezeke kaye, mafomu ambiri amafuna nambala yake poyambirira pomwe. Makope atsimikiziridwe ndi chidindo, ndipo asikanidwe bwino, osati chithunzi cha pafoni chojambulira pa mphasa chala chikuoneka pakona ndi mthunzi wa mutu pakati pa magiredi, pitani pa kafe mu tauni muno asikane zonse zikhale PDF, azisunge mu imelo yake ndi pa fulashi. Imeloyo ikhale ya dzina lake lenileni ndipo aziitsegula tsiku lililonse, ndikudziwa ana amene anaitanidwa ku intavyu n'kuona uthengawo patapita milungu. Police clearance ndi zachipatala zimatha mphamvu pakapita miyezi, ndiye muzitenga zikafunidwa. IELTS, mayeso a Chingerezi, chimodzimodzi, imakhala zaka 2 zokha, ndi yodula ndipo ndi ulendo wa ku Lusaka pa Great East Road, makilomita opitirira 550, basi ndi kogona, choncho funsani kaye ngati sukuluyo ingalandire giredi yake ya English ya ECZ kapena kalata yoti anaphunzira m'Chingerezi, ena amalola.

Pa masikolashipu olipira zonse, ofunsira onse ali ndi mapointi abwino, chimene chimasiyanitsa ndi nkhani imene mwana walemba yonena za iye mwini ndi makalata a aphunzitsi. Ana athu amakonda kulemba kuti ndine wosauka, ndine wamasiye, chonde ndithandizeni, kapena amakopera za pa intaneti zoti ndakhala ndikulota udokotala kuyambira ndili mwana, ndipo owerenga aona zoterozo kambirimbiri. Alembe zimene wachita ndi manja ake. Ngati ndi iye amalemba m'buku ndalama za nshawa zimene amai ake amagulitsa pa msika wa Kapata, anene kuti anaona bwanji kuti amaluza pa thiransipoti ndipo anasintha chiyani. Ngati anakhalapo pa chipatala kudikirira agogo ake, anene zimene anaona, namwino mmodzi wodi yonse usiku, anthu akubwera pa njinga ndi pa ngolo kuchokera kutali matenda atakula kale, ndipo funso limene linamutsalira m'mutu ndi lotani. Ngati amaphunzitsa anzake masamu madzulo pansi pa mtengo wa mango, anene anali angati, anakhoza bwanji. Umasiye autchule inde chifukwa ndi zoona, koma usakhale nkhani yonse. Alembe yekha, wina angomuthandiza kukonza Chingerezi, chifukwa pa intavyu adzamufunsa zomwezo ndipo zolembedwa ndi munthu wina kapena ndi kompyuta zimadziwika msanga.

Makalata a aphunzitsi nawo, aphunzitsi athu ambiri amalemba mizere itatu, ndi mwana wamakhalidwe abwino, wolimbikira, ndikumuvomereza, chidindo pha. Kumeneko kalata yotere siithandiza. Apite yekha kwa aphunzitsi a Biology kapena Chemistry amene amamudziwa bwino, mwaulemu, mwezi wathunthu tsiku lotsekera lisanafike, ndipo osati mu Disembala sukulu zitatseka aphunzitsi ali kumunda, awapatse pepala la zimene anachita, kalabu ya sayansi ya JETS, uprifekiti, dibeti, nambala yake m'kalasi mwa ana angati. Awauzenso kuti linki ibwera pa imelo yawo ndipo ayenera kutumiza okha. Kuwagulira bando si chiphuphu, ndi ulemu.

Wina akuuzani kuti angofika, akafika azikagwira ntchito n'kudzilipirira. Musamvere. Viza ya wophunzira ku UK imalola maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ku America maola 20 omwewo ndipo ndi a pasukulu pompo, maiko ena salola n'komwe. Ndalama imeneyo ndi ya sopo ndi chakudya, fizi siingakwane, ndipo wa udokotala nthawi yogwira ntchito aitenga kuti? Za kubwereka ndalama kuti ziwoneke mu akaunti tsiku limodzi, kapena kugula bank statement yabodza, ndikupemphani musayese, a UK amafuna ndalamazo zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana ndipo amatha kufunsa ku banki, akapeza chinyengo amatha kumutsekera zaka 10, mbiri imeneyo imamutsata pofunsira maviza ena.

Sabata ino chitani izi amalume. Muyankheni ajentiyo kuti banja likufuna zonse zolembedwa ndipo mulipira ku akaunti ya yunivesite yokha yunivesiteyo ikatsimikiza, muone mmene ayankhire, akakwiya kapena akayamba kutsitsa mtengo pompopompo mwadziwa kale. Mwanayo atumize imelo ija ku yunivesite, ku ZAQA ndi ku HPCZ. Mukhale pansi atatu, inu, mlongo wanu ndi mwana mwini, mumuonetse pepala la masamu lija kuti asaganize kuti mukumukaniza mwayi, ndi wamkulu amva, ndipo mumupatse ntchito yolemba m'kope masiku otsekera a njira zonse zimene ndatchulazi. Ngati pali ndalama yoti ituluke panopa ndi ya pasipoti, kusikana mapepala, mafomu a mayunivesite a kuno ndi bando, ndipo imeneyo chilimba chimodzi kapena matumba angapo a soya akwanitsa. Yunivesiteyo ikayankha munditumizire yankholo pamodzi ndi magiredi ake a Biology, Maths ndi English, mundiuzenso ngati analemba Physics ndi Chemistry payokhapayokha kapena Science yophatikiza, chifukwa masikolashipu ena a udokotala amayang'ana pamenepo, ndiye tidzasankhe limodzi oti ayambire.